Kachitini ka michombo

Banja lathu linkasamuka kawirikawiri kuposa mphaka wa ana, ndipo pa msamuko uliwonse panali chinthu chimodzi chimene sichinkakwera ngolo. Bedi, mapoto, wailesi ya malemu bambo, zonsezo ankazimangirira pa ngolo yokankha ija anyamata a ku Mbare amachitira ganyu. Koma kachitini kofiira ka tiyi, kosupuka utoto m'mbali, mayi anga ankakakulunga m'chitenje n'kukapanira kukhwapa, iwo n'kumayenda pambuyo pa ngoloyo mwaulemu ngati akuperekeza mkwatibwi. M'kachitinimo munalibe tiyi. Munali michombo yathu.

Kwa inu amene munabadwira m'chipatala n'kukulira pa foni, ndifotokoze. Mwana akabadwa, kamchombo kaja kamauma n'kudzagwa kokha. Kwawo kwa makolo athu ku Malawi sakataya m'bini. Amayi akuluakulu amakakwirira pakhomo, ndipo pamenepo ndiye kwanu mpaka kalekale. Upite ku Joni, upite kutsidya kwa nyanja, anthu adzanenabe kuti uje kwawo ndi uko kunatsala mchombo wake. Vuto la ife linali lakuti pakhomo tinalibe. Ine ndi mlongo wanga tinabadwira ku Rugare mu Harare, m'nyumba ya kampani imene bambo ankagwirako ntchito ku Lochinvar, ndipo mayi anakanitsitsa kwamtuwagalu kukwirira michombo ya ana awo m'dothi la kampani. Ankati mawa akatichotsa, michomboyo izidzalondera ana a anthu ena.

Bambo anagwirizana nazo mosavuta, chifukwa iwo m'mutu mwawo anali pa ulendo. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo chaka chilichonse ankanena kuti chaka chamawa tikubwerera kumudzi. "Sungani, mayi, tikakwirira kwathu. Kuno ndife alendo, ndipo mlendo ndi mame." Mame amenewo anakhala mu Harare mpaka imvi mbuu osakamuka. Nthawi ina anzawo a pantchito anayamba kugula nyumba zimene ankakhalamo, n'kumalipira pang'onopang'ono. Bambo anakana. Anati kugula nyumba kuno n'chimodzimodzi kuuza abale ku Dedza kuti asamatiyembekezenso. Anamwalira sutikesi yawo ya ulendo ili pansi pa bedi, ndipo a sosaite ya maliro ya Amalawi anawaika kumanda a m'tauni momwemo. Nyumba ija anailowa munthu wina, ife n'kusanduka maloja, monga amatchulira anthu a lendi kuno.

Tinakhala ku Mufakose, tinakhala ku Glen Norah, tinakhala ku Dzivarasekwa. Kwa eni kulibe mkuwe. Unkatsuka chimbudzi tsiku lako ndi tsiku la mwana wa landilodi, unkayanika zovala pamene eni ayanula, ndipo ukakazinga nyama unkatseka zenera kuopa kuti lendi ingakwere chifukwa cha fungo. Tchuthi chikafika, anzanga a kusukulu ankakwera mabasi kupita kumusha, ndiye kuti kumidzi kwawo, n'kubwerako ndi mtedza ndi nkhani. Ife tinkatsala tikusewera pa msewu wopanda anthu. Ankatiseka kuti ndife anthu opanda kwawo. Tsiku lina ndinafika kunyumba ndikulira, mayi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ukulira chiyani? Ukawauze kuti kumusha kwako kuli pamwamba pa wadiropu. Iwo amalipira basi, iwe umangokwera pa mpando."

Sindinakawauze, koma kulira ndinasiya.

Kachitini kameneka kanatigwirirako ntchito ina imene sitinakapemphe. Anthu a kuno amakhulupirira kuti Mmalawi aliyense ali ndi mankhwala oopsa. Ku Glen Norah, mayi landilodi anaona mmene mayi anga ankakapukutira kachitiniko ndi kukaletsa ana kukakhudza, ndipo anafunsa monong'ona kuti muli chiyani. Mayi, amene ndi mayi wa Mvano wosajomba kutchalitchi, anangotsitsa maso n'kunena kuti, "Ndi za makolo." Bodza sananame. Kuyambira tsiku limenelo landilodiyo ankatipatsa moni woyamba, ndipo maloja ena onse anawakwezera lendi kupatula ife. Mayi ankati Mulungu amadyetsa ana ake m'njira zosiyanasiyana.

Nditakwatiwa n'kubereka, michombo ya ana anga awiri inalowanso momwemo, uliwonse m'kansanza kakekake. Ndinkadziwa kuti ilimo inayi: wanga, wa mlongo wanga amene ali ku Joni, ndi ya ana angawo. Kutsegula ankatsegula okha mayi, atatitembenukira msana. Mwamuna wanga ankakaseka kachitiniko poyera. Iye ndi wowotcherera zitsulo, munthu wa ku Tete, anabwera kuno ali wamng'ono pamsana pa mayi ake pothawa nkhondo. Ankati, "Wanga unadyedwa ndi chiswe kalekale, koma onani, ndikudya, ndikunenepa." Mayi ankamuyankha kuti n'chifukwa chake sakhazikika pampando, amangoti uku wapita uku wapita. Ankakondana anthu awiriwa, koma chikondi chawo chinali cha mpeni ndi nsupa yonolera.

Tinali tikukhala ku Hatcliffe, zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya munthu, pamene ndinapeza ntchito ya ku laibulale pa koleji ina ku Gweru. Ndinasangalala sabata yoyamba yokha. Sabata yachiwiri funso linalowa m'nyumba n'kukhala pampando wa alendo: kumeneko tikachita lendi, kapena tikagula? Tinali ndi kangachepe kamene tinasunga zaka zambiri, kosakwana nyumba yomanga kale, koma kokwana kuyambira sitandi, kunena kuti malo opanda kanthu oti umangepo wekha.

Mwamuna wanga sanachedwe. Lendi basi. Anati ntchito yanga ndi ya kontirakiti, ingathe kutha ngati sopo. Anati ogulitsa masitandi masiku ano amagulitsa malo amodzi kwa anthu atatu, onse n'kudzakumana pamalopo aliyense ndi pepala lake ndi khasu lake. Anandikumbutsa chaka chija anthu ku Hatcliffe komweko anaona tinyumba tawo tikugwetsedwa iwo ataima poteropo ndi mapoto m'manja. Zonsezi zinali zoona, ndipo zinkandipsetsa mtima chifukwa zinali zoona. Pomaliza ananena chimene chinali pansi pa zonsezo.

"Bambo anga anali ndi munda, anali ndi mbuzi, anali ndi nyumba ya njerwa. Anazisiya tsiku limodzi, chitseko chili chotsegula. Dothi silinyamulika, mayi a ana. Loja akaona zavuta amangomanga katundu."

Ndinkangodziwa kuti ndatopa kupempha chilolezo chokhomera msomali pakhoma. Ndinkafuna kudzala mtengo wa mandimu n'kudzadya mandimu ake ine ndemwe. Koma kutopa si mfundo, ndipo pokangana ndi munthu wa mfundo umangooneka ngati mwana wolirira switi.

Amene ndinkayembekeza kuti andithandiza anali mayi, koma mayi anasankha nthawi imeneyo kukhala chete. Munthu amene amalankhula ndi tomato akamamusanja pa tebulo lake la malonda, amene amayankha wailesi, anangoti pakamwa tseke. Tikamakangana, iwo ankatsitsa kachitini kaja pa wadiropu, n'kukapukuta, n'kukabwezera. Mawa lake chimodzimodzi. Fumbi la ku Hatcliffe ndi lambiri, koma silinafike poti chitini chizipukutidwa ngati galasi la basi. Mwana wanga wamkazi, amene Chichewa amachimva koma amayankha m'Chishona, anafunsa agogo akewo ngati zinthuzo sizinunkha: "Gogo, hazvinhuwi here?"

"Zinunkhe bwanji? Wako ndi umene unali wonunkha, ena onsewa ndi anthu aukhondo."

Ndinkaona mmene ankatsikira pampando akabwezera kachitiniko, dzanja limodzi pakhoma, bondo likulira. Mayi anali atakalamba ine ndisakuona. Mantha anga anali amodzi, ndipo ndiwanene mosabisa: ndinkaopa kuti adzapita ngati bambo, michombo ili pamwamba pa wadiropu ya m'nyumba ya mwini.

Tinapita ku Gweru Loweruka lina, ine ndi mwamuna wanga, kukaona ndi maso. Tauni ya koleji ili ndi khalidwe lakelake. Kumeneko landilodi sawerenga zipinda, amawerenga mitu. Nyumba yoyamba imene tinalowa, pabalaza panali mabedi osanjikiza mpaka kudenga, m'khitchini mabedi, ndipo ndikukhulupirira kuti akanapeza bedi lokwana m'bafa akanaliikamo. Mwini wake atamva kuti ndife banja, nkhope inagwa ngati tamuuza za maliro.

"Banja? Aaa, amai, banja limandidyera malo. Chipinda chimene mukufunacho ndimagonekamo ana asukulu ambirimbiri, aliyense amalipira mutu wake. Ndipo iwo sabereka, sadwala, sakhala ndi apongozi."

Mwamuna wanga anati mfundo yomalizayo waimva bwino. Ndinamuponda phazi.

Masana tinakaona masitandi. Mnyamata wovala suti yowala, nsapato zosongoka ngati akukabaya nazo nsomba, anatitengera kunja kwa tauni n'kutiimika pakati pa tchire. Analoza chulu n'kunena kuti apa padzakhala sitolo. Analoza mtengo waminga n'kunena kuti apa kiliniki. Madzi? Akubwera. Magetsi? Ali m'njira. Msewu? Tinali titaimapo, ati. Mwamuna wanga anafunsa ngati madziwo akubwera wapansi kapena pa basi, kuti tikawachingamire. Pobwerera m'basi sanandinyoze, anangondigulira chimanga chootcha, ndipo chifundo chimenecho chinandipweteka kuposa chipongwe. Tisanafike mu Harare ndinali nditavomera. Lendi.

Mayi anakana kusamuka nafe. Anati ku Gweru kulibe amene amawadziwa, tebulo lawo la tomato lili ndi makasitomala ake, ndipo amayi a Mvano sangayimbe bwino popanda iwo, zimene amayi a Mvanowo mwina akanatsutsa. Anatsala m'chipinda chimodzi mwa ziwiri zija. Tsiku lonyamuka anatiperekeza ku Mbare Musika. Pakati pa phokoso lonse lija, oitanira mabasi akukokera zikwama uku ndi uku, amayi ogulitsa mazira owiritsa akutiponda, mayi anatulutsa kachitini kukhwapa n'kundiika m'manja.

"Tenga."

"Mayi, kumenekonso tikukachita lendi."

"Ndamva, sindine gonthi. Ine ndanyamula mokwana. Bambo ako anati chaka chamawa, inu mukuti chaka chamawa. Chaka chamawacho chikadzafika, chidzapeze chitini chili kwa munthu wa mawondo abwino."

Sananene mokwiya, ndipo n'chimene chinandilasa. Anatembenuka n'kuyamba kukangana ndi kondakitala za mtengo wokwezera bedi pamwamba pa basi, mpaka anamugonjetsa. Ine ndinakhala pampando kachitini kali pamiyendo. Kanali kopepuka ngati mulibe kanthu, koma ndinafika ku Gweru mapewa akuwawa.

Tinapeza zipinda ziwiri ku Senga, mu Gweru momwemo, m'nyumba imene zipinda zina zonse munali ana a pakoleji. Sindikufuna kuwanamizira, anali ana aulemu. Ankanditchula kuti mhamha, ndiye kuti amayi, ankandinyamulira madzi, ndipo ankabwereka chilichonse chimene chinali ndi chogwirira. Poto, ayironi, chipande, mchere, ngakhale mwana wanga wamwamuna anamubwerekapo kuti akawagwirire malo pamzere wa pachitsime. Nthawi ya mayeso ankasanduka anthu ena, maso ofiira, kumangoyendayenda m'khonde akulankhula okha, tiyi kumwa ngati ng'ombe pa dambo. Khitchini inali imodzi ya tonse. Wadiropu yathu inathyoka mwendo pa ulendo, choncho kachitini kaja ndinakaika pa shelefu ya pamwamba m'khitchinimo, kuseri kwa mabotolo, ndikuganiza kuti palibe angakafike. Ndinaiwala kuti ana a masiku ano ndi ataliatali.

Linali Lamlungu masana, titangobwera kutchalitchi. Ndinamva mwamuna wanga akukuwa m'khitchini, mawu amene sindinawamvepo chikwatirane. Nditathamangira, ndinapeza mtsikana wina wophunzira zamalamulo ataima ndi supuni m'dzanja, ketulo ikuwira, maso ali tong'o. Anali atatsitsa kachitiniko pofuna masamba a tiyi, ndipo chivindikiro chinali chitatsala pang'ono kutseguka. Mwamuna wanga anali atamulanda, atakafungatira pachifuwa ndi manja onse awiri, munthu yemwe uja wa chiswe.

"Muli ana anga umu! Ana anga!"

Mtsikanayo anayang'ana kachitini, anayang'ana ana athu awiri amene anaima pakhomo ali bwinobwino, n'kuyamba kubwerera chambuyo pang'onopang'ono. Madzulo ake nyumba yonse inali itadziwa kuti Amalawi a chipinda chakumapeto ali ndi zinthu. Palibe anabwerekanso poto wanga mpaka teremu inatha.

Ine ndinaseka mpaka misozi, koma mwamuna wanga sanaseke. Anakhala pa bedi kachitini kali m'manja, akukatembenuza.

"Akanathira madzi otentha," anatero.

"Akanamwa tiyi wa mbiri."

"Usaseke. Ana athuwa akadzandifunsa kuti kwathu n'kuti, ndidzati chiyani? Ine ndikafunsidwa ndimati ku Tete, koma ukandiimika ku Tete sindingaloze ngakhale mtengo umodzi. Ndiye iwowa azidzaloza shelefu ya m'khitchini ya ana asukulu?"

Sindinayankhe, poopa kuti ndikavomereza msanga abwerera m'mbuyo. Amuna ena mfundo amaikonda ikakhala yawo.

Sanasinthe n'kukhala munthu wina ayi. Anakhalabe wokayika yemwe uja, kungoti tsopano kukayikako anakugwiritsa ntchito. Safunsa anadya phula, ndipo mwamuna wanga anafunsa mpaka anthu a m'maofesi anayamba kubisala akamuona pakhomo. Sitandi ya wa suti yowala uja anaikana. Anapeza sitandi ina mbali ya ku Mkoba, yaing'ono, yokwera mtengo kuposa ya kutchire ija, koma mapepala ake anawatsatira ofesi ndi ofesi, ndipo anakafunsanso anthu oyandikana nawo malowo mmodzimmodzi ngati panabwerapo wina ndi khasu. Kangachepe kathu konse kanathera pamenepo, kotsala tikulipirabe mpaka lero. Ndiye kuti pa funso lija, lendi kapena kugula, ife tinayankha zonse ziwiri: tinakhalabe maloja ku Senga, tili ndi dothi ku Mkoba lopanda ngakhale chimbudzi. Walira mvula walira matope.

Chinthu choyamba chimene mwamuna wanga anamanga pamalopo chinali geti. Osati mpanda, osati maziko. Geti lachitsulo, lalitali, la maluwa opindapinda pamwamba, lopaka utoto wobiriwira, litaima lokhalokha pakati pa udzu. Mbuzi zinkadutsa mbali zonse ziwiri. Anthu oyandikana nafe ankabwera kudzaliona ngati chiwonetsero. Nditamufunsa, anati zitsulo anali nazo kale, njerwa alibe, ndipo munthu amayamba ndi chimene ali nacho. Analiikanso loko, kiyi n'kumayenda naye m'thumba.

Mayi tinawaitana mvula yoyamba itagwa, dothi litafewa. Anatsika basi atavala yunifolomu ya Mvano, yoyera mbee, ngakhale silinali tsiku la Mvano. Titafika pamalopo anaima n'kuyang'ana geti, anayang'ana udzu mbali iyi ndi mbali iyo, kenako anayang'ana mkamwini wawo.

"Bambo, mwamanga bwino. Akuba a ku Gweru akuoneka kuti ndi anthu aulemu, amadzera pakhomo."

Koma iwo sanalambalale. Anaima pagetipo mpaka mwamuna wanga anatulutsa kiyi n'kutsegula, ndipo analowa akuwomba m'manja pang'onopang'ono monga amachitira munthu polowa pakhomo pa eni. Kenako analamula kuti amuna atsale kunja, poti izi ndi za amayi. Mwamuna wanga ndi mwana wathu wamwamuna anakaima kuseri kwa geti, atatitembenukira msana, ngakhale kuti aliyense wodutsa mumsewu ankationa bwinobwino.

Mayi anayendayenda pamalopo akufunsa. Khomo lidzaloza kuti? Khitchini idzakhala pati? Chimbudzi? Atamva zonse anasankha pakona ya kum'mawa, pamene ndinati ndidzadzala mandimu. Ndinakumba ine, mwana wanga wamkazi akuchotsa dothi ndi manja, foni ataiika m'thumba popanda womuuza. Mayi anakhala pansi, miyendo tambalale, yunifolomu yoyera ija pa dothi lonyowa, n'kutsegula kachitini. Ulendo uno sanatitembenukire msana.

Anatulutsa kansanza koyamba. "Uyu ndi wa ku Joni uja, wosatumiza ngakhale moni. Mwina akagona pansi adzakumbuka." Kachiwiri kanali ka ine, kansalu ka diresi imene ndimaikumbukira pa chithunzi. Kachitatu ndi kachinayi, ana anga, m'tizidutswa ta matewera. Ndinatenga khasu kuti ndikwirire.

"Dikira. Uli ndi changu ngati bambo ako pa tsiku la malipiro."

Anapisanso dzanja n'kutulutsa kansanza kachisanu. Kanali kakale kuposa tonse, kakuda ndi zaka, komangidwa ndi luzi m'malo mwa ulusi. Ndinawerenganso m'mutu: ine, mlongo wanga, ana awiri.

"Nanga uyu ndi ndani, mayi?"

"Ndine."

Ndinkadziwa kuyambira kale kuti mayi anabadwira pa famu ina ku Mazowe, kumene makolo awo ochokera ku Malawi ankagwira ntchito m'minda ya mzungu. Ndinkadziwa, koma sindinaganizepo kuti zikutanthauza chiyani.

"Mayi anga nawonso anakana dothi la mwini," anatero. "Anati tikakwirira kwathu. Anandipatsa tsiku la ukwati wanga, chitini chomwechi. Bambo ako ankatha kunena kuti ndife alendo, chifukwa wawo unali m'dothi ku Dedza. Munthu amene ali ndi kwawo lendi simupweteka. Ine ku Malawi sindinapondeko n'kamodzi komwe, mwana wanga. Ndikanakakwirira pakhomo pa yani?"

Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti mayi akutinyamulira ife, ana opanda kwawo, osadziwa kuti mwana woyamba m'kachitinimo anali iwo. Mwana wanga wamkazi anagwada pafupi ndi agogo ake n'kunena m'Chichewa, chopotoka koma Chichewa, "Gogo, ndiike ine?"

"Ika. Koma usandiike pafupi ndi amalume ako, amachita mkonono. Undiike mbali ya kumsewu, ndizimva nkhani."

Anauika. Tinakwirira, mayi n'kupondaponda pamwamba ndi chidendene, bondo likulira. Anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi koma mawu anawathera pa mzere wachiwiri, ndipo kuseri kwa geti mwamuna wanga, amene amati sayimba, anaitola n'kuimaliza ali chitembenukire.

Pobwerera ku Senga, kachitini kopanda kanthu kanali m'manja mwanga. Ndinafunsa mayi kuti ndikachite nako chiyani.

"Ukathiremo tiyi, ndi chitini cha tiyi. Ukawapatse ana asukulu aja amwe."

Mawa lake tinawaperekeza kokwerera basi ya ku Harare. Kondakitala, mnyamata wa Chishona wansangala, anawalandira chikwama n'kuwafunsa mwaulemu ngati gogo akubwerera kunyumba.

"Ayi, mwanangu," anatero mayi, akukwera pang'onopang'ono, dzanja lija lozolowera kupanira chitini likugwira chitsulo cha pakhomo. "Ku Harare ndikungopita ku ntchito. Kwathu ndi kuno."